Mphuno Nayo Inapita ku Sukulu

Pa ziwalo zonse za munthu wophunzira, chimene chimasanduka msanga ndi mphuno. Lilime limakanirira: munthu angakhale ndi madigiri atatu, akapunthwa pa mwala amalirabe m'chinenero cha amake. Mimba nayo ndi yokhulupirika, siiwala nsima. Koma mphuno, abale, ikangopuma mpweya wa pa koleji miyezi isanu ndi umodzi imayamba matama, niyamba kusankha fungo loyenera kulipatsa moni ndi fungo loyenera kulifulatira. Chimene ndabwera nacho pa bwalo lathu la alembi lino ndi mlandu, ndipo woimbidwa mlanduwo ndi mphuno imeneyi.

Mlandu wake ndi uwu. Pali ena pakati pathu, aphunzitsi ndi ophunzira omwe, amene anaphunzira kudya tchizi cha fungo lamphamvu. Ena anakachiphunzira ku France kapena ku England pamene ankachita maphunziro apamwamba. Ena anachiphunzira konkuno m'maphwando aja a tchizi ndi vinyo amene amachitika kunyumba za akuluakulu chaka chikamatha. Amadula kachidutswa kobiriwira ndi chuku, natsinzina, nagwedeza mutu pang'onopang'ono, nkumati chitukuko ndiye chimenechi. Koma anthu omwewo, tsiku limene mwana wa ku Chigwa cha Shire walandira phukusi la milamba yowamba kuchokera kwa amake, amatseka mphuno ndi mpango, natsegula mazenera onse, nafunsa mokweza ngati m'chipindamo mwafera khoswe. Ndikufuna andiuze pamaso pa bwalo lino kuti mphuno zaozo zimaweruza ndi lamulo liti.

Ndiyambe ndadziulula. Ine kwathu ndi ku Makhanga, kwa Mfumu Yaikulu Mlolo, m'boma la Nsanje. Ndinaleredwa ndi mlamba, ndipo makope anga a ku pulaimale anagulidwa ndi ndalama yotuluka m'dengu la nsomba. Tchizi cha fungo nacho ndinachilawa ndipo ndimachikonda kwabasi. Mukandiitana ku phwando lanu sindidzasiya kanthu m'mbale. Ndanena zimenezi kuti wina asanyamuke nkumati mwana wa ku Nsanje akulankhula za nsanje. Ine ndiribe chifukwa ndi tchizi. Chifukwa ndiri nacho ndi mphuno ya nkhope ziwiri.

Tiyeni tione kaye chimene akuluakuluwa amachigwadira. Mfumu ya tchizi cha fungo amati ndi Roquefort, cha kumwera kwa dziko la France. Amachipanga ndi mkaka wa nkhosa wosawiritsa, nathiramo dala chuku chimene akatswiri amachitcha Penicillium roqueforti. Kale chuku chimenechi ankachita kuchilima pa mikate imene ankaisiya m'mapanga mpaka itabiriwira. Akaumba tchizicho amachibaya ndi zisingano kuti mpweya ulowe ndi kuti chuku chiyende bwino m'kati, nachiika m'mapanga achinyontho a pansi pa phiri la Combalou, ndipo sichipita pa msika chisanathe miyezi itatu. Tsono mizere yobiriwira ija imene aphunzitsi athu amaiyang'ana ndi maso achikondi ndi mbale wake weniweni wa chinthu chija chimene akachipeza pa mkute wa nsima amakalipira nacho wantchito.

Palinso china chotchedwa Limburger, chimene dzina lake linachokera ku dera la Limburg, kufupi ndi kumene maiko a Belgium, Netherlands ndi Germany amakumana. Ichi amachipukuta kunja ndi madzi amchere kuti pamere tizirombo totchedwa Brevibacterium linens. Tizirombo timeneti tiri pa ubale ndi tija timakhala pakati pa zala za kumapazi, ndipo n'chifukwa chake tchizichi chimanunkha ngati sokosi za mnyamata amene wangochoka ku mpira. Musati ndikunyoza, pakuti si ine ndinatulukira zimenezi. M'chaka cha 1996 ofufuza awiri a ku Netherlands, Bart Knols ndi Ruurd de Jong, anaonetsa kuti udzudzu wa Anopheles gambiae, umodzi mwa mitundu yofalitsa malungo mu Africa muno, umathamangira fungo la Limburger monga m'mene umathamangira phazi la munthu. M'chaka cha 2006 awiriwa analandira nayo ntchitoyi mphoto ya Ig Nobel, ija amapereka pa kafukufuku amene amayamba wakuseketsa kenaka nakuganizitsa. Ife a ku Makhanga, amene udzudzu timaudziwa kuposa wina aliyense pa koleji pano, tingathe kuikira umboni kuti pa nkhani ya mapazi udzudzu sunama.

Ndipitirire? Ku chilumba cha Sardinia kuli tchizi chotchedwa casu marzu, chimene eni ake amachidya chiri ndi mphutsi zamoyo za ntchentche zikuyendayenda m'kati. Ku Sweden amaika nsomba m'madzi amchere pang'ono, nazisiya kuti zisase, nazitsekera m'zitini mpaka zitinizo zitatupa. Dzina lake ndi surströmming, ndipo potsegula amachita kutuluka nazo panja. Aroma akale, amene timawawerenga m'mabuku a mbiri ngati eni ake chitukuko, ndiwo zao ankazikometsera ndi garum, msuzi wotuluka m'matumbo a nsomba amene awathira mchere ndi kuwasiya padzuwa kwa miyezi. Mukaunguza bwino muona kuti mtundu uliwonse wa anthu pansi pano uli ndi chonunkha chake chimene umachikonda, ndipo zonsezi zinabadwa m'njira imodzi: abusa ndi asodzi opanda firiji, amene lero ali ndi mkaka kapena nsomba zambiri koma akudziwa kuti mawa kuli njala, anafuna nzeru yosungira chakudya. Tchizi chimene lero chimadyedwa ndi anthu obvala mataye chinayamba ngati kamba wa mbusa wosauka kuphiri.

Tsopano titsike ku Chigwa. Makhanga ali tsidya la kum'mawa kwa Shire, pafupi ndi Chiromo pamene Ruo amathira mu Shire, kumunsi kwa dambo lalikulu lija Azungu analitcha Elephant Marsh chifukwa David Livingstone podutsa m'chaka cha 1859 anaonamo njovu pafupifupi 800. Njovuzo zinatha, koma milamba ndi makakana ziripo. Kumeneko m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumapyola madigiri 40. Nsomba imene msodzi waibvuula m'mono kapena mu ukonde mbandakucha, dzuwa likafika paliwombo isanasamalidwe ndiye kuti yapita. Nsomba yaiwisi gawo lake lalikulu ndi madzi, magawo atatu mwa anayi kapena kuposerapo, ndipo tizirombo toolesa chakudya timakondwera m'madzi ndi m'chifundizi. Choncho mai amautumbula mlamba uja, nautsuka. Waukulu amaudula zidutswa, waung'ono amaupinda mchira ufike ku mutu. Nauika pamwamba pa moto wofuka. Motowo usalilime, pakuti upsereza kunja m'kati mukadali mwawisi; usazirale, pakuti ntchentche zifika. Amachezera usiku akutembenuza, misozi ya utsi iri chuchuchu. Kutentha kumachotsa madzi, utsi umamata khungu ndi kupha tizirombo, ndipo nsomba imene ikadaonongeka tsiku lomwelo imatha kukwera phiri kukafika ku Thyolo ndi ku Limbe iri bwinobwino. Fungo lija mumalithawa ndi la mafuta a mlamba atakwatirana ndi utsi. Ndi fungo la chakudya chimene chapulumutsidwa.

Mwina wina ati za nsomba nza kuchigwa, iye sizimkhudza. Chabwino, tilowe m'khitchini mwa amake. Ufa woyera umene amaunyadira kuti ndiye ufa wa anthu ozindikira umachokera kuti? Mphale amaibviika m'madzi masiku angapo mpaka itasasa, ndipo aliyense amene anadutsapo pamene mai akutaya matsukwa akudziwa kuti fungo lake silisiyana kwenikweni ndi la m'mapanga a ku France. Kondowole wa ku Nkhata Bay ndi ku Nkhotakota, amene anthu a kumwera amamseka kuti amanunkha, amanunkha chifukwa chinangwa chowawa achibviika kuti poizoni wake achoke. Popanda fungo limenelo chinangwacho chikadapha anthu. Nanga chambiko? Ameneyu ndiye msuweni weniweni wa tchizi. Mkaka ukausiya m'chikho tizirombo tabwino timadya shuga wa mu mkakamo ndi kumsandutsa chowawasa, mkaka nuundana, nukhala masiku osaonongeka. Akatswiri amati anthu akuluakulu pafupifupi awiri mwa atatu alionse pa dziko lapansi mimba zao sizigaya bwino shuga wa mu mkaka wawisi. Makolo athu mau akuti lactose sankawadziwa, koma anaona okha kuti mkaka wosasa subvuta m'mimba monga wawisi. Ku Chigwa, kumene ng'ombe ziri mbwee kuyambira ku Chikwawa kudzera ku Ngabu mpaka ku Bangula, chikho cha mkaka wosasa si chinthu chachilendo. Koma perekani chambiko pa phwando la akuluakulu muone m'mene nkhope zikwinyikire; thirani chambiko yemweyo m'kachitini kolembedwa Chingerezi, muone m'mene akayamikire kuti n'kopatsa thanzi.

Anzathu a sayansi angatithandize kumvetsa chifukwa chake chinthu chonunkha chimakoma. Fungo limafika ku mphuno podzera njira ziwiri. Yoyamba ndi ya kutsogolo, pamene tikununkhiza chinthu chiri m'mbale. Yachiwiri ndi ya kumbuyo, kudzera kukhosi, pamene tikutafuna. Pamenepo fungo limasakanikirana ndi mchere, mafuta ndi kuwawasa kumene lilime likumva, ndipo ubongo umazilandira zonse ngati chinthu chimodzi. N'chifukwa chake munthu wa chimfine amati chakudya sichikukoma, ndipo n'chifukwa chake Limburger chimene chimakuthamangitsa chiri pa tebulo chimasanduka chofatsa chikalowa m'kamwa. Mlamba wowamba chimodzimodzi: amene anaulawa wotendera ndi nsinjiro, pambali pali nsima ya mapira, sadzaunenanso zoipa. Chotsala n'chakuti mphuno imachita kuphunzitsidwa. Mwana wa ku Roquefort sabadwa akukonda chuku. Amaona agogo ake akudya mokondwa, nayeserera, nazolowera. Aphunzitsi athu nawo tsiku loyamba kulawa tchizi chobiriwiracho mtima unachita nseru, koma anapirira chifukwa anaona kuti akudyawo ndi anthu olemekezeka. Anapirira kachiwiri, kachitatu, mpaka chinakoma. Tsono funso langa ndi ili: chipiriro chimene munali nacho pa chakudya cha eni ake chija, chinathera kuti pofika pa chakudya cha kwanu?

Yankho ndikulidziwa, ndipo nanunso mukulidziwa. Mphuno imeneyi siweruza fungo. Imaweruza mwini fungolo. Chimene chadyedwa ndi bwana chimanunkhira, chimene chadyedwa ndi wonyamula katundu wa bwana chimanunkha. Phunziro limeneli linalowa m'dziko muno pamodzi ndi khitchini ya kuseri kwa nyumba ya Mzungu, kumene kuki ankaphikira bwana zake m'nyumba, nakadyera zake za iye mwini kumpanda kuti fungo lisafike pakhonde. Mbendera inasintha m'chaka cha 1964, koma mpanda uja tinaunyamula nkuumanganso m'mphuno mwathu. Ndipo choopsa chake n'chakuti chitonzo sichithera pa chakudya. Chimachoka pa mlamba nkukatera pa munthu. Ndani mwa inu sanamvepo nthabwala zija zoti Msena amamveka fungo asanaoneke? Ine ndaona ana anzeru ochokera ku Muona, ku Fatima ndi ku Masenjere akubisa phukusi la amao pansi pa bedi mpaka litaonongeka, kenaka nakalitaya usiku kudzala. Ndaona ena akufunsidwa kwao nayankha kuti ku Blantyre. Mwana amene waphunzitsidwa kuchita manyazi ndi ndiwo imene inamlipirira sukulu, mawa adzachita manyazi ndi mai amene anaiwamba. Ameneyo tikampatsa digiri ndi ofesi, adzawatumikira bwanji anthu amene sangathe kukhala nawo pa mphasa imodzi?

Ndikudziwa zimene otsutsa anene, ndipo sindizithawa. Choyamba ati nkhani ndi ya ukhondo: nsomba za m'misika mwathu zimakhala pa fumbi, ntchentche ziri ng'waa, ndipo amalonda ena osaopa Mulungu amazithira mankhwala ophera tizirombo kuti zisafumbwe. Zimenezi n'zoona, ndipo wothira mankhwala pa chakudya cha anthu ayenera kulangidwa. Koma tisasakanize zinthu ziwiri. Nsomba yoola ndi ina, nsomba yowamba ndi ina, ndipo amene amadziwa kusiyanitsa bwino ndi mai uja amaigula tsiku ndi tsiku: amaithyola pamsana, nainunkhiza, naona ngati m'kati muli mouma. Mphuno yake ndiye yophunzira zenizeni, pakuti imasiyanitsa fungo la utsi ndi fungo la chibvundi, pamene mphuno ya pa koleji imangoti zonse n'zonunkha. Komanso tchizi cha mkaka wosawiritsa nacho chiri ndi zoopsa zake, kotero kuti madokotala a ku Ulaya amalangiza amai oyembekezera kuti asadye tchizi chofewa cha mtundu umenewu. Kodi Afalansa atamva zimenezi anasiya tchizi chao? Iai. Anaika malamulo a ukhondo, nalemba anthu oyendera, napitiriza kudya. Bvuto la ukhondo mankhwala ake ndi ukhondo. Kunyoza sikunaphepo ntchentche ngakhale imodzi.

Chachiwiri ati m'chipinda chogona anthu awiri munthu ayenera kuganizira mnzake. Ndabvomera ndi manja awiri, ndipo ine milamba yanga ndimaisunga m'chitini chotseka bwino. Koma lamulolo likhale la onse. Likhudze sokosi, likhudze fodya, likhudzenso mafuta onunkhira aja ena amadzithira ngati akuzima moto. Pali kusiyana pakati pa mnzako wonena kuti, “Achimwene, tatsekani chitinicho,” ndi wina wofunsa kuti, “Kodi kwanuko mumadya zoola?” Woyambayo akupempha malo opumira, wachiwiriyo akundiuza malo anga.

Chachitatu, ndipo ichi ndiye chimene amachidalira, ati tchizi ndi luso: chiri ndi mitundu mazanamazana, uliwonse ndi dzina lake, mudzi wake ndi mbiri yake, pamene nsomba youma ndi nsomba youma basi. Apa ndiye pamene ndimafuna tifike. Ndani anakuuzani kuti nsomba youma ndi imodzi? Funsani wogulitsa aliyense mu msika wa Limbe akuuzeni kusiyana kwa mlamba wa ku Chigwa ndi wa ku Chilwa, kwa nsomba yowamba ndi yoyanika padzuwa, kwa usipa wofutsa ndi wongoyanika. Lusolo liripo, chimene palibe ndi munthu wolilemba. Anzathu aja chonunkha chao anachipatsa dzina ndi lamulo. M'chaka cha 1411 mfumu Charles VI inapatsa anthu a ku Roquefort okha ufulu wokhwimitsa tchizi chimenechi, ndipo m'chaka cha 1925 nyumba ya malamulo ya France inakhazikitsa lamulo loteteza dzinalo, kotero kuti wina sangaumbe tchizi kwina nkuchitcha Roquefort. Kamudzi ka anthu mazana owerengeka kakudziwika dziko lonse chifukwa cha chuku. Ndipo nzeru imeneyi si ya Azungu okha. Tsabola wa ku Penja m'dziko la Cameroon dzina lake linatetezedwa m'chaka cha 2013, ndipo tiyi wa rooibos wa ku South Africa analembedwa m'kaundula wa maina otetezedwa ku Ulaya m'chaka cha 2021. Konkuno tonse tikudziwa kuti mpunga ukangotchedwa Kilombero wa ku Karonga mtengo wake umakwera, ndipo chimene timaugulira ndi fungo. Iwo chonunkha chao anachipatsa lamulo, ife chathu tinachipatsa manyazi. Ndipo manyazi ali ndi mtengo wake, umene amalipira ndi mai wowamba uja pamene wogula akumnenerera ngati akumchitira chifundo.

Wina ati ndikukulitsa nkhani ya m'mbale. Tamverani tsono. Makhanga ndi dera limene madzi alisautsa koposa. M'chaka cha 1997 madzi anadula njanji ku Chiromo, sitima yochokera ku Limbe niyamba kuthera pa Makhanga. Ndi sitima imeneyo madengu a nsomba ankakwera kudzera ku Sankhulani, Thekerani, Sandama ndi Luchenza, pobwerera nitsika ndi nthochi, sopo ndi makope a ana a sukulu. M'mwezi wa Januwale 2015 Ruo anasiya njira yake nadzera m'midzi, Makhanga nasanduka chilumba chofikako pa bwato kapena pa helikopita, njanji nayo nionongeka. Kenaka kunabwera namondwe Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023. Nthawi iriyonse madzi akaphwa mau amamveka kuchokera kumtunda akuti anthu amenewa asamuke, ndipo ena akabwerera amatchedwa osamva, okonda zaulere. Ine sindikuti anthu azigona m'njira ya madzi. Madzi saiwala khwawa, ndipo maliro amene tinaika atikwana. Koma amene amafunsa modabwa kuti, “Kodi anthuwa amabwereranji?” ndi yemwe uja anatseka mphuno pa phukusi lija. Akadalitsegula akadapeza yankho m'katimo. Amabwerera chifukwa kudambo kuli nsomba, kuli dimba lobereka chimanga, mbatata ndi nyemba m'chilimwe pamene kumtunda kuli gwaa, ndipo chaka cha njala kuli nyika zokumba m'madzi. Kusamutsa munthu nkumpatsa malo ogona popanda kumuuza kumene akapeze ndiwo ndi fizi ya mwana, ndiko kumuuza kuti abwerere. Munthu sangawerengere bwino chuma chimene akuchiyang'ana atagwira mphuno.

M'chaka cha 2017 dambo la Elephant Marsh, la mahekitala oposa 60,000, linalembedwa m'gulu la madambo ofunika pa dziko lonse pansi pa pangano la Ramsar, lachiwiri m'Malawi muno kutsatira nyanja ya Chilwa imene inalembedwa mu 1996. Ndi nkhani yabwino. Koma ndikuopa kuti ophunzira athu adzapitako kukawerenga mbalame ndi mvuu, nabwerako osalonjera msodzi. Ntchito yoti tigwire iripo yambiri, ndipo ikufuna mphuno zotsegula. A sayansi ya zakudya akayeze kuti mlamba wowamba bwino umasungika masiku angati ndipo umataya chiyani. A zomangamanga akaone za uvuni: ku Ghana amai a m'mudzi wa asodzi wa Chorkor, mothandizana ndi akatswiri, anakonza uvuni wa mathireyi osanjikiza umene umawamba nsomba zambiri ndi nkhuni zochepa, ndipo ku Chigwa kumene mitengo ikutha nzeru yotere ndi yofunika kuposa nkhani zambiri zimene timalemba kuti tikhoze mayeso. A zamalamulo atiuze m'mene dzina la dera lingatetezedwere pa katundu. A zachuma awerenge kuti kwacha imene wogula amapereka ku Limbe, ndi matambala angati amafika m'manja mwa amene anachezera pa utsi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, anatero akulu akale. Ife wathu tikumsiya akuuluka ndi mphepo pamene tikusirira wa pa chala cha eni.

Ndipo inu alembi anzanga, musaganize kuti mwapulumuka. Ndawerenga ndakatulo zathu m'masamba ano chaka chonse. Muli nkhungu ya paphiri, muli mwezi, muli maluwa amene theka la ife sitinawaonepo, muli misozi ya chikondi yokwana kudzaza Shire. Koma ndakatulo zathu ziribe mphuno. Mudzi umene timaulemba sununkha kanthu: mulibe matsukwa, mulibe khola la mbuzi mvula itagwa, mulibe utsi wa nsomba wokakamira m'chitenje cha mai. Timalemba za umphawi ngati anthu amene anauonera pa zenera la basi. Chikhalirecho palibe chimene chimabweza munthu kwao msanga kuposa fungo. Mwana wa ku Makhanga angakhale ku London zaka makumi awiri, utsi wa nsomba ukangomudutsa pamphuno wafika kale pa dooko, akumva nkhafi zikugunda bwato. Wolemba amene amachita manyazi ndi fungo la kwao wataya theka la zida zake, ndipo chotsalacho adzangotsanzira nacho eni ake. Kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka.

Pempho langa kwa akuluakulu okonda tchizi ndi laling'ono. Musasiye tchizi chanu. Ndanena kale kuti inenso ndimachikonda, ndipo munthu amene waphunzitsa mphuno yake kukonda chinthu chobvuta wachita bwino. Koma malizani maphunzirowo. Mphuno imene inakhoza mayeso a ku Roquefort isalephere a ku Makhanga. Pa phwando likudzali, pambali pa mbale ya chuku ija, ikanipo mbale ya mlamba wotendera ndi chikho cha chambiko, ndipo mlendo wochokera kunja akafunsa, mumuuze dzina la nsombayo, dambo limene inachokera ndi m'mene anaiwambira, monga momwe iye amakuuzirani za mapanga a kwao. Mudzaona kuti iye sadzatseka mphuno. Amene amatseka ndi ife eni ake. Ndipo kwa inu ang'ono anga a ku Chigwa amene mwangofika kumene pa koleji pano: phukusi likabwera, litulutseni pansi pa bedi. Itanani mnzanu wa m'chipinda, mumgawire, mumlembere mai kalata yoti lafika. Kwathu m'Chisena pothokoza timati takhuta. Anthu amene mau ao othokozera ndi omwewo a kukhuta sayenera kuphunzitsidwa ndi wina aliyense kuchita manyazi ndi chimene chawakhutitsa.